Kusewera Metroid Prime Remastered pa Switch ya m'manja: poyambira ndi pofunika kusamala

Amene anazolowera magemu owomberana pa TV yaikulu kapena pa kompyuta amadandaula chinthu chimodzi akangogwira Nintendo Switch m'manja: analogi yake (kandodo kokankha ndi chala chachikulu) ndi yaifupi, sikirini ndi yaing'ono, ndipo mdani ali patali amaoneka ngati kanyerere. Ukati uloze bwino, mfuti yapitirira. Ukabweza, yapitiriranso. Ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti magemu oonera m'maso mwa msilikali sayenera makina a m'manja. Ine ndimawauza kuti ayambe ayesa Metroid Prime Remastered, chifukwa gemu imeneyi ntchito yoloza imakugwirirani yokha. Zanu n'kuyenda, kuyang'ana, ndi kudziwa nthawi yoseva (kusunga pamene mwafika). Mukamvetsa zitatuzi, kasikirini kaja kamakwana.

Gemuyi si yatsopano. Inatuluka koyamba mu 2002 pa GameCube, yopangidwa ndi Retro Studios ya ku Austin, Texas, ndipo Nintendo anaitulutsanso pa Switch mu February 2023 ataikonza zithunzi ndi kagwiridwe ka mabatani. Mumasewera ngati Samus Aran, mayi wosaka zigawenga za m'mlengalenga, amene wavala chovala chachitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mfuti yake ili pamkono wamanja. Akutsata gulu la Space Pirates mpaka pa pulaneti ya Tallon IV, kumene kunagwa chimwala chochokera kumwamba chokhala ndi poizoni wotchedwa Phazon. Zonse mumaziona kudzera pagalasi la chisoti chake.

Makinawo ayambe akhala bwino

Switch zilipo zamitundu ingapo ndipo batire lake silifanana. Yoyamba ya 2017, malinga ndi Nintendo, imakhala maola 2.5 mpaka 6.5. Yokonzedwanso ya 2019 ndi ya OLED zimakhala maola 4.5 mpaka 9, pomwe Switch Lite imakhala maola 3 mpaka 7. Gemu ya zithunzi zolemera ngati iyi imadya moto kwambiri, choncho werengerani nambala yapansiyo osati yapamwamba. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani nambala ya makina kunsi kwake: yoyamba ndi XK ndiye ya batire lokhalitsa, yoyamba ndi XA ndi yakale ija. Musanapereke ndalama lowani mu System Settings, pitani pa Controllers and Sensors, mutsegule Calibrate Control Sticks. Kadontho kamene kakuoneka pamenepo kazikhala pakati mukasiya analogi. Kakamayenda kokha, dziwani kuti Samus azidzayenda yekha m'mphepete mwa chiphalaphala cha moto inu musanamuuze.

Gemuyo mutha kuigula pa kakhadi kolowetsa m'makina, kapena kuidawuniloda pa eShop, sitolo ya pa intaneti ya Nintendo. Ndi yokwana pafupifupi 7 GB. Ngati intaneti yanu ndi ya bandulo ya pafoni, imeneyo ndi ndalama ndithu, ndiye pezani Wi-Fi kapena funani kakhadi. Switch sisankha dziko, khadi logulidwa ku Johannesburg kapena ku London ligwira ntchito bwinobwino. Ikangolowa m'makina, gemuyi sifunanso intaneti. Yatsani Airplane Mode, chepetsani kuwala kwa sikirini mukakhala m'nyumba, batire lipita patali.

Pezaninso mahedifoni, makamaka a chingwe. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku, koma si nkhani ya nyimbo yokha.

Kusankha kagwiridwe ka mabatani

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pa tsiku loyamba. Gemu ili ndi njira zinayi: Dual Stick, Pointer, Hybrid ndi Classic. Ya Pointer inapangidwira munthu amene wachotsa Joy-Con (zogwirira za m'mbali mwa makinawo) n'kumaloza nayo pa TV, choncho m'manja ilibe ntchito. Ya Classic ndi ya amene anakulira pa GameCube. Inu sankhani Dual Stick. Analogi ya kumanzere ndi miyendo, ya kumanja ndi khosi. ZR ndiyo kuwombera, R ndi mzinga, B ndi kudumpha, ndipo ZL ndi batani limene chala chanu chizikhalapo kuposa ena onse.

Mukadina ZL n'kuigwirabe, mfuti imamata pa mdani amene ali pafupi ndi pakati pa sikirini ndipo simuchokanso. Mukamayenda cham'mbali mumamuzungulira, maso ali pa iye. Mukadina B uku mukukankhira analogi kumanzere kapena kumanja, Samus amajowera kumbali mwachangu, chipolopolo cha mdani n'kudutsa. Yeserani zimenezi mpaka zala zizichita zokha: gwira ZL, zungulira, jowa, womba. Chala chachikulu cha kumanja chimene chimavutika ndi analogi yaifupi ija chimapuma, ntchito yake ikungokhala kutembenuza mutu kuti mdani alowe pakati.

Kenako tsitsani liwiro la kamera pang'ono kuposa mmene mwalipezera. Pa sikirini ya mainchi 6.2, kapena 5.5 ya Lite, kutembenuka msanga kumasokoneza maso. Muthanso kuyatsa gyro, imene imachititsa kuti mukapendeketsa makinawo mfuti izisuntha pang'onopang'ono. Ndimaikonda kwambiri ndikakhala pampando panyumba, zigongono zili pamaondo, chifukwa tinthu tating'ono ta pakhoma timene ZL sigwira ndimatiloza ndi dzanja lonse osati chala chimodzi. Koma m'basi izimitseni. Galimoto ikagunda dzenje, mfuti imaloza kudenga.

Anthu ena magemu otere amawachititsa chizungulire ndi nseru. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, lowani m'makonzedwe muzimitse HUD Lag, imene imachititsa zolemba za pagalasi kutsalira m'mbuyo mukamatembenuka, muchepetsenso kuoneka kwa chisoti kuti malo oonera akule. Musagwire makinawo pafupi ndi nkhope, ndipo musasewere mumdima wa ndiwe yani sikirini ikuwala yokha. Mukamva kutentha m'khosi, siyani pomwepo, musakakamire.

Pa kulimba kwa gemu pali Casual ndi Normal. Amene sanasewerepo magemu otere asankhe Casual popanda manyazi. Njira, zinsinsi ndi nkhani yonse n'zomwezo.

Ola loyamba

Mumayambira pa chombo cha m'mlengalenga cha Space Pirates chotchedwa Orpheon, chimene chawonongeka ndipo antchito ake ambiri afa. Apa Samus ali ndi zida zingapo, ndipo gemu ikukuphunzitsani mwakachetechete. Chofunika kuposa zonse ndi Scan Visor. Mumasintha magalasi a chisoti ndi mabatani a mivi a kumanzere. Mukavala la Scan, zinthu zoti muwerenge zimaonetsa kachizindikiro: kofiira ndi kofunika kuti mupitirire, ka mtundu wa lalanje ndi kokuuzani nkhani kapena khalidwe la chinthucho. Lozani, gwirani ZL mpaka kamzere kadzaze, werengani.

Musamadumphe kuwerengako. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, ndipo mu gemu iyi kufunsa ndi Scan Visor. Chilombo choyamba chachikulu, Parasite Queen, chili mkati mwa mpanda wa magetsi wozungulira umene uli ndi mipata. Mukachiunika kaye, chisoti chimakuuzani kuti pofooka ndi pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo ZL imamata pakamwapo. Mukangoyamba kuwombera osaunika, nkhondo imatalika popanda chifukwa. Lamulo langa ndi ili: chilichonse chachilendo chimene chikuyenda, chiunikeni musanachiwombere. Zilombo zazikulu zimaoneka kamodzi kokha, ndipo mukachipha musanachiunike sichidzalowanso m'buku lanu la zolemba.

Chikafa, chombo chimayamba kuphulika ndipo muli ndi mphindi 7 zothawira. Nthawiyo ndi yokwanira, musanjenjemere. Muli m'njira, kuphulika kwina kumamenyetsa Samus pakhoma ndipo zida zake zambiri zimawonongeka. Mumatera pa Tallon IV muli ndi mfuti wamba basi, mvula ikugwa, madontho akutsetsereka pagalasi la chisoti. Imani kaye pamenepo muyang'ane kumwamba, muone madonthowo. Kenako kwerani pamwamba pa chombo chanu museve. Chombochi ndi malo amene amakubwezerani zonse, mphamvu ndi mizinga yomwe, choncho kumbukirani pamene chili.

Nkhani ya kuseva

Gemu iyi siseva yokha. Ndibwereze: siseva yokha. Imasunga pokhapokha mwalowa m'chipinda cha Save Station kapena m'chombo chanu. Mukafa, mumabwerera pamene munaseva komaliza, ngakhale pakhale ola lathunthu.

Pa makina a m'manja izi zili ndi mbali ziwiri. Yabwino ndi yakuti mukadina batani la moto kamodzi, Switch imagona gemu ili pomwepo, ndipo mukaidzutsa mawa mumapitiriza pamene munalekera, ngakhale pakati pa nkhondo. Mutha kusewera mphindi khumi podikira munthu n'kuika m'chikwama. Yoipa ndi yakuti kugonako si kuseva. Batire likatheratu, kapena mwana wa m'nyumba akatsegula gemu ina, zonse zimene munachita chichokere pa Save Station zapita. Zinandichitikira ndili ku Phendrana Drifts, chigawo cha chipale mu gemuyi: ndinagoneka makina batire litatsala pang'ono, magetsi anathima tsiku lonse ndi usiku womwe, ndinaiwala, ndipo nditadzatchaja ndinapezeka ndili m'mbuyo ndi chida chimodzi chathunthu. Zinandipweteka mtima. Chiyambire pamenepo ndimaseva pa Save Station iliyonse imene ndadutsa, ngakhale nditangoseva kumene, ndipo batire likafika pa 20 peresenti ndimasiya kufufuza n'kuyamba kufuna poseva. Kumene magetsi savuta kuthima, pawabanki ya USB-C ndi bwenzi. Kudzaza Switch ndi chaja chake kumatenga pafupifupi maola atatu ikakhala yogona.

Dziwaninso kuti Save Station imadzaza mphamvu za thupi koma osati mizinga.

Malo amene muyenera kukonzekera mwapadera ndi migodi ya Phazon Mines, ulendo woyamba kutsikako. Pafupi ndi polowera pali Save Station. Mukaichoka, mumadutsa zipinda zambiri zodzaza ndi asilikali olimba, ndipo ina mudzaipeza pansi penipeni, pafupi ndi chipinda cha Central Dynamo, mutalimbana ndi makina osaoneka ndi maso kenako n'kudutsa m'njira zokhotakhota za magetsi Samus atasanduka kampira. Musayambe chigawo chimenechi muli paulendo kapena batire lili theka. Chipatseni madzulo athunthu, chaja chili pakhoma, mutatolera kale ma Energy Tank (owonjezera mphamvu za thupi) ochuluka mmene mungathere.

Kuyenda osasochera

Tallon IV si msewu wowongoka. Ndi zigawo zolumikizana ndi zikepe: nkhalango ya mvula ya Tallon Overworld, mabwinja a Chozo Ruins osiyidwa ndi mtundu wakale wa Chozo, mapanga a moto a Magmoor Caverns, chipale cha Phendrana Drifts, ndi migodi ija. Mudzaona zitseko ndi mipata imene simungadutse panopa. Si kuti mwalakwitsa. Chida chake chili kwina, ndipo mudzabweranso.

Mitundu ya zitseko ndi chinenero chake. Chabuluu chimatseguka ndi mfuti iliyonse. Chapepo chimafuna Wave Beam, choyera Ice Beam, chofiira Plasma Beam. Chimene chaphimbidwa ndi chishango chachitsulo chimafuna mzinga kamodzi, kenako chimakhala chabuluu. Miyala nayonso ili ndi mayina amene Scan Visor imakuuzani: Sandstone imasweka ndi bomba limene Samus amaika atasanduka mpira, Brinstone ndi mzinga, Cordite ndi Super Missile, Bendezium ndi Power Bomb. Popeza mumasewera pang'onopang'ono, lero mphindi makumi awiri, mawa osagwira, kuiwala n'kosapeweka. Ine ndikaona chinthu chimene sindingachifikire ndimadina batani lojambula chithunzi la kudzanja lamanzere, kenako n'kutsegula mapu n'kujambulanso dzina la chipindacho. Ndikapeza chida chatsopano ndimayang'ana zithunzizo n'kudziwa kobwerera.

Mapu ake ndi oima, osonyeza pamwamba ndi pansi, ndipo pa sikirini yaing'ono amasokoneza poyamba. Azungulizeni mpaka muvi wa Samus uloze kumene inu mwayang'ana, kenako muwakulitse. Hint System isiyeni yoyaka. Mukazungulira nthawi yaitali osapeza njira, imakuikirani chizindikiro chofunsa pamapu. Sikuuzani njira yake, imangokuuzani chipinda.

Kuti mukhale ndi chithunzi cha ulendo woyambirira: kuchokera pa chombo pitani ku Chozo Ruins. Mizinga muipeza mutagonjetsa Hive Mecha, makina otulutsa mavu pakachilumba kozunguliridwa ndi madzi a poizoni. Kenako Morph Ball, imene imasandutsa Samus kampira kolowa m'mabowo, ndiye Charge Beam m'chipinda cha Watery Hall mutaunika zizindikiro zinayi zobisika, ndi mabomba a mpira. Mukakhala mpira kamera imatuluka kunja n'kumakuonerani kumbuyo, ndipo maso amapumako.

Charge Beam imakulitsa mphamvu ya chipolopolo, koma ili ndi ntchito ina imene ambiri saidziwa. Mukagwira ZR osaisiya, timipira ta mphamvu ndi mizinga timene adani asiya timakokedwa kubwera kwa inu. Palibe chifukwa chodumphira m'madzi a poizoni kukatola kanthu.

Tsopano mahedifoni aja. Ma Missile Expansion, amene lililonse limawonjezera mizinga 5, ndi ma Energy Tank amene amawonjezera mphamvu 100, amabisidwa m'makoma, pansi pa mitengo, kuseri kwa miyala. Koma amalira. Ndi kaphokoso kotsika kong'ung'udza ngati firiji ya m'chipinda china. Pa sipika za Switch, pali anthu akucheza kapena wailesi ikulira, simungakamve. Ndi mahedifoni mumakamva mpaka mbali imene kakuchokera. Mukalowa chipinda chatsopano, adani atatha, imani duu kamphindi mumvetsere. Gemu yonse ili ndi ma Energy Tank 14 ndipo mizinga imafika 250, ndiye zobisikazo n'zambiri. Switch imalolanso mahedifoni a Bluetooth kuyambira mu 2021, koma mawu ake amachedwa pang'ono, n'chifukwa chake ndimakonda a chingwe.

Zilombo zimene zimaimitsa anthu

Flaahgra, chomera chachikulu cha ku Sunchamber, ndiye mayeso oyamba enieni. Chimakhala ndi moyo chifukwa cha kuwala kochokera ku magalasi ozungulira chipinda. Chiwombereni mpaka chizunguzike, thamangirani kuseri kwa galasi limene likuwala, liwombereni litembenuke. Kuwala kukatha chimagwa, mizu yake imabwerera m'mabowo, ndiye inu sandukani mpira, lowani mu ngalande, ikani bomba pa kabowo ka kumapeto. Mumachita zimenezi kanayi, ndipo ulendo uliwonse magalasi owala amawonjezeka ndi limodzi. Chinsinsi chake n'kusaleka kuchizunguza, apo ayi chimabwezeretsa magalasi amene mwagwetsa. Gwirani ZL pa chilombocho, mujowe cham'mbali kuzungulira chipinda, mufika pa galasi lotsatira msanga kuposa kuthamanga wamba. Chikafa madzi a m'mabwinja amayera, ndipo mumalandira Varia Suit yolowera nayo kumoto.

Ku Phendrana, ana a chilombo chotchedwa Sheegoth salasika kutsogolo. Azungulireni muswe chigoba cha madzi oundana cha pamsana. Mayi wawo, amene mumakumana naye pofuna Wave Beam, amayamwa zipolopolo za mfuti ndi minyanga ya pamsana pake. Dikirani auzire mpweya wake wozizira, atope, ndiye muponye mzinga pakamwa. Thardus, chimulu cha miyala yamoyo, chimafuna kusinthasintha magalasi: Thermal Visor kuti muone mwala wofooka, kenako galasi wamba kuti muuswe chifukwa kuwala kwake kumachititsa khungu. Chikadzipinda n'kuyamba kugubuduka, sandukani mpira muthawe ndi Boost Ball, yothamangitsa mpirawo.

Nkhondo zoterezi ndi zimene zimaulula vuto lenileni la m'manja, kusintha mfuti. Pa Dual Stick mumagwira X n'kudina muvi, kutanthauza kuti chala cha kumanzere chimachoka pa analogi ndipo Samus amaima kamphindi. M'migodi muli asilikali amitundumitundu, aliyense wolasika ndi mfuti ya mtundu wake yokha: wachikasu Power Beam (mfuti wamba ija), wapepo Wave Beam, woyera Ice Beam, wofiira Plasma Beam. Musasinthire mfuti poyera. Bwererani kuseri kwa bokosi kapena pakhomo, sinthani, tulukani. Ndipo lowezani kuti mfuti iliyonse ili pa muvi uti musanafike kumeneko, poyeserera m'chipinda chopanda adani. Mizukwa ya Chozo imene imadzabwera m'mabwinja pambuyo pake imalasika ndi Power Beam yokha, ndipo X-Ray Visor ndi imene imaionetsa ikazimirira.

Ntchito imene musaisiyire kumapeto

Kuti mulowe ku Impact Crater, kumene kuli chilombo chomaliza, mufunika ma Chozo Artifact 12, makiyi akale a Chozo, omwazikana m'dziko lonselo. Ambiri amazindikira izi atatsala pang'ono kumaliza, ndiye amayamba kuyendanso pulaneti yonse atatopa kale. Inu mukangopeza mizinga, kapena ulendo wina uliwonse mukadutsa pa chombo chanu, pitani ku Artifact Temple, pafupi ndi pamene munatera. Choyamba chili pomwepo, chongotola. Unikani zipilala zimene zayaka, chilichonse chikupatsani mwambi wa kumene kuli china, ndipo mawuwo amasungidwa m'buku lanu. Mukamadutsa m'zigawo pa zifukwa zina, muzitola chimodzichimodzi. Mudzabwererenso kukachisiko pakati pa ulendo, chifukwa zipilala zina zimayaka mochedwa.

Ntchito yotolera imeneyi ndi imene imagwirizana kwambiri ndi makina a m'manja. Musanagone tsegulani buku, werengani mwambi umodzi, pezani dzina la chipinda pamapu, onani Save Station imene ili pafupi nacho, pitani, tolani, sevani, zimitsani. Mukadzakwanitsa 12 yonse, dzazani mizinga m'chombo musanakwere kukachisi, chifukwa Meta Ridley, chinjoka chamapiko chimene munachiona chikuthawa pa Orpheon, chimatera pomwepo mukangozipereka.